Mtengo wa Mkamwini

Ndinaganiza zochoka ku Malowera chifukwa cha kamtengo ka mango kosafika ndi m'bondo momwe. Anthu ndinawauza zina, kuti ndikukafuna ndalama za malata ndi njinga, ndipo sikunali kunama kwenikweni, chifukwa malatawo ndinkawafunadi. Koma chimene chinandinyamula pamphasa chinali kamtengo kameneko.

Ine ndine Lorenso Phiri, kwathu kobadwira ndi ku Chiputo. Ku Malowera ndinapita kukakwatira Anabanda, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinamanga nyumba pamudzi pa akazi angawo, n'kumalima munda wa makolo awo. Ndinali mkamwini. Independensiya, ufulu wa dziko, itangobwera, anthu atatuluka m'misasa ya mawaya momwe Apwitikizi anatiunjika nthawi ya nkhondo yoyamba ija, aliyense anali kalikiliki kumanganso pamalo pake. Katekisita wina anandipatsa kambande ka mango aakulu aja opanda ulusi, ndipo ndinakabzala kuseri kwa nyumba yanga osafunsa munthu. Ndinali wokondwa ngati mwana wogulidwa nsapato.

Sipanapite nthawi, alamu anga a Simoni, mlongo wawo wa Anabanda, amene anali mwini mbumba pamudzipo, anabwera ndi khasu paphewa. Sanakalipe. A Simoni sankadziwa kukalipa, iwo ankakupweteka akumwetulira. Anafunsa za chimanga, anafunsa za mwana wathu Rozina amene anali atangoyamba kuyenda, kenako n'kunena kuti mkamwini amabzala chimanga ndi maungu, zinthu zokolola chaka chomwecho, osati mtengo.

"Alamu, musandimve molakwa," anatero. "Mawa mukadzasiyana ndi mlongo wangayu, abale anu a ku Chiputo adzabwera kudzati mango awa ndi athu. Kenako adzati ndi dothi lomwe."

Anakazula bwinobwino ndi dothi lake, n'kupita kukakabzala pakhomo pawo. Anabanda anali pomwepo akupeta, ndipo sananene ngakhale liwu limodzi. Kukhala chete kumeneko kunandiwawa kuposa khasu la a Simoni. Ndinaona kuti pamudzi pamenepo ndingalime mpaka msana kuthyoka, koma ndidzakhalabe munthu wongodutsa.

Mvula itatha ndinakwera kamiyau, lole ya munthu wina wogula mtedza, yomwe inakatitsitsa ku Tete titachita kusanduka a dothi. Masiku ano anyamata akamapita ku Moatize amakwera shapa, minibasi zija, madzulo omwewo n'kuimba foni kuti tafika. Ife uthenga unkayenda ndi miyendo ya munthu, ndipo munthuyo akadwala panjira uthenganso unkagona naye pomwepo.

Moatize, abale inu! Ine munthu wa kumtunda, wozolowera mthunzi wa masuku ndi kamphepo ka m'mawa, ndinafika pamalo pomwe dzuwa limakuwotcha ngati lili nawe mlandu. Fumbi la malasha linali paliponse, m'mano, m'madzi akumwa, m'malovu. Ukachapa malaya oyera n'kuwayanika unkawapeza ali mbuu. Ntchito ndinaipeza mu mina, mumgodi mwenimweni, yokankha tingolo ta malasha. Ankatipatsa tizipinda ta kampani m'bairo, komboni ya antchito, chitseko chimodzi, zenera ngati la khola la nkhunda.

Zaka zoyambazo ndalama zinalipo. Ndinkatumiza kudzera mwa aliyense wa nkhope yodziwika wopita kumtunda, pamodzi ndi sopo, mchere ndi chitenje cha kapulana cha Anabanda. Zina zinkafika, zina zinkathera m'mabotolo panjira. Malata ndinagula, njinganso ndinagula. Kamodzi pachaka ndinkapita kumudzi, ndipo ndinkapeza kamtengo kaja kakukula pakhomo pa a Simoni. Chaka chimene kanayamba kubala, Rozina anandithamangira ndi mango awiri m'manja. Ndinamuuza kuti m'mimba mukundipweteka. Za mtengo umenewo sindinkadya, ndipo podutsa pamenepo ndinkayang'ana kumbali. Ndine munthu wosunga mkwiyo, zimenezo sindikana.

Chimene chinkandisowa ku Moatize chinali anthu anga. A kumeneko ankalankhula Chinyungwe, chomwe ndinkachimva ndithu, koma nthabwala zake zinkandidutsa, anzanga akuseka ine ndikungoonetsa mano. Lamlungu tikatuluka m'kapela ndinkakhala pakhomo pa kachipinda kanga n'kumasoka zigamba pa zovala zosang'ambika, kungoti manja apeze chochita. Ndinkawasowa kwambiri Anabanda, ndi kukhala chete kwawo komwe, kuja ndinakuthawa.

Kenako inafika nkhondo yachiwiri, ya ife tokhatokha. Njanji yopita ku Beira inadulidwa, komboyo, sitima yapamtunda, inasiya kubwera, malasha anangounjikana milumilu popanda wowanyamula. Mina inayamba kutseka mbali iyi, mbali iyo, ndipo ambiri tinauzidwa kuti tikadikire kunyumba. Kudikira chiyani, palibe ananena. Kupita kumudzi kunavuta. Pankafunika kalata yoyendera, ndiponso malo mu koluna, mndandanda wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, ndipo koluna yolowera kwathu inkachita kusowa. Ndinene zoona, ndinalinso ndi manyazi kukafika kwa a Simoni chimanjamanja.

Bairo yathu inasanduka malo oiwalika. Pampu inali imodzi, yotulutsa madzi ikafuna. Anthu othawa nkhondo m'midzi anadzamanga misasa m'mbali monsemo, ndipo poti kukatola nkhuni kutchire kunali kuika moyo pachiswe, mitengo yonse yapafupi inathera pamoto, mpaka zitsa anakumba. Masana ukaima pamsewu sunkaona poti n'kubisa mutu. Okalamba ankakhala motsamira makoma, n'kumasuntha ndi kamthunzi ka denga.

Nthawi imeneyo ndi imene a ku ofesi ya ulimi anabweretsa ntchito yobzala mitengo m'misewu ya mabairo a anthu a mu mina. Malipiro ake anali ufa wachikasu, nyemba ndi timafuta. Ndinalembetsa msangamsanga. Tinakonza vivero, malo olelera mbande, pafupi ndi mtsinje wa Revubue, n'kufesa akasiya, nimu ndi mango pang'ono. Ine amene anandizulira mtengo umodzi kwathu, ndinapezeka ndikubzala mitengo yosawerengeka m'tauni ya eni. Nthawi zina ndinkaseka ndekha ndili ndi khasu m'manja.

Tinkakumba maenje m'mphepete mwa misewu, molunjika ndi chingwe monga momwe anatiuzira. Pansi pake sipanali dothi koma zinyalala za malasha, zakuda bii, zouma ngati phulusa. Tinkathirira masabata oyamba, ufa ukatha ifenso tinkatha. Ndiye mbuzi za ku Tete, zija zimadya ndi pepala lomwe, zinkati zapeza ukwati. Zimene mbuzi zasiya, ana ankathyola. Imene yakulako pang'ono inkapita pamoto. Amayi amenewo sindingawadzudzule, ana awo ankafunika kudya zophika. Ukafunsa kuti mtengo uwu wadula ndani, ankakuyankha kuti si wa boma kodi.

Khoma limodzi ndi ine ankakhala Mayi Felisimina, Mnyungwe, amene amuna awo anamwalira ndi chifuwa cha mu mina. Ndinkawapatsa ufa wanga, iwo n'kumandiphikira pamodzi ndi ana awo. Tsiku lina ndinabwera ndi kambande ka mango kotsala ku vivero, kopindika, komwe palibe anakafuna. Iwo anati ndikabzale pakati pa zitseko zathu ziwiri, pomwe ankataya madzi otsukira mbale. Ndinakumba dzenje lakuya, ndinatuta dothi la kumtsinje, ndinatchinga ndi minga ya masawu. Kanagwira.

Ndi pamenepo pomwe Mateyu anandipeza. Mateyu anali wa ku Chipera, wogulitsa nsomba zouma, amene ankafika ndi njinga yake mpaka ku Malowera. Anabwera ndi koluna kudzaona mbale wake wodwala, n'kundifunafuna mpaka kundipeza nditagwada ndikukonza minga pa kamtengo, Mayi Felisimina ali chiimire pambali ndi beseni. Ndinamupatsa mchere ndi sopo kuti akapereke kwa Anabanda, ndi mawu akuti ndili moyo, ntchito ya mu mina yatha, ndikudyera mitengo. Sindinaganize kuti maso ake anyamulanso uthenga wawo.

Mateyu sananame. Anthu a ku Malowera atamufunsa kuti a Phiri akutani kumeneko, anati akubzala mitengo, ndipo wa mango wina abzala pakhomo penipeni, pali mayi wina amene amathirira. Kwa munthu wa ku Beira zimenezi si nkhani ayi. Koma kwathu mwamuna akabzala mtengo wa zipatso pakhomo, ndiye kuti wanena kuti pano ndi panga, ndidzafera pano. Yankho linandipeza patapita miyezi, pakamwa pa msilikali wina wa kwathu. Linali la a Simoni, ndipo msilikaliyo analinena akuyang'ana pansi.

"Akuti poti mwabzala kumeneko, muzidya zipatso zake komweko. Mbumba yawo aisamala okha."

Ndinamufunsa ngati Anabanda ananenapo kanthu. Anati sanamve.

Ndinapsa mtima, kenako ndinachita mantha. Ndinayenda m'misika ndi m'malo oimirira koluna kufunafuna munthu woti akanene kuti a Simoni amva molakwa, kuti mtengowo ndi wa ntchito, ndi wa mthunzi chabe. Ndisanamupeze munthuyo tinamva kuti midzi ya ku Malowera yatenthedwa, anthu athawira ku Zambia. Ndani wapulumuka, ndani watsala panjira, palibe ankadziwa. Mawu anga anandiolera m'kamwa kwa zaka.

Pano ndinene zimene ena amabisa. Nthawi imene Mateyu anabwera, pakati pa ine ndi Mayi Felisimina panalibe china koma ufa ndi mphika. Pambuyo pa uthenga uja, ndi zaka zosamva kanthu, china chinadzakhalapo. Tinali anthu awiri osungulumwa olekanitsidwa ndi khoma la njerwa imodzi. Iwo ankadziwa kuti mtima wanga uli kumtunda, ndipo sanayerekeze kukhala ngati sakudziwa.

Patadutsa mvula zingapo tinamva kuti kukubwera munthu wodzaona ngati mitengo ija inagwira, chifukwa amene ankapereka ufa ankafuna kudziwa ngati apitirize. Sekeretariyo wa bairo, munthu wabwinobwino koma wamantha, anathedwa nzeru. Ufa umenewo ndi umene unkasunga mabanja ambiri, ndipo m'misewu munali maenje okhaokha. Ndiye anatituma m'mamawa kukadula nthambi za nimu kumtsinje, n'kuzizika m'maenje aja, n'kuthirapo timadzi kuti zioneke ngati mbande. Inenso ndinazika nawo. Msewu wonse unabiriwira ngati tikulandira bishopu.

Tsoka lake mlendoyo anachedwa. Anafika dzuwa lili paliwombo, nthambi zathu zitagwetsa masamba ngati makutu a galu. Anali mayi wachitsikana, teknika, katswiri wa zamitengo wochokera ku Beira, dzina lake Dona Selina, atavala nsapato zachimuna. Anayenda pang'ono, anagwira kanthambi kamodzi n'kukoka. Kanangotuluka, kopanda ndi muzu umodzi womwe. Iye anayang'ana kanthambiko, anayang'ana sekeretariyo, n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta misozi. Anati bairo yathu si yoyamba kumuchita zimenezi, kungoti ife tinafola bwino kuposa onse.

"Kamarada sekeretariyo, maenje ndawaona," anatero. "Tsopano ndionetseni mitengo imene ili moyo, ngakhale ikhale iwiri."

Sekeretariyo anati palibe. Ine ndinati ulipo umodzi pakhomo panga, ndipo tinapita. Mango aja anali atafika padenga, pansi pake patakhala ana a nyumba zingapo ndi nkhalamba ina yakhungu imene ankaibweretsa m'mawa uliwonse. Dona Selina anafunsa kuti amathirira ndani. Mayi Felisimina anati palibe amathirira, amangotayapo madzi otsukira mbale ndi osambitsira ana. Ataona kuti mlendoyu si wodzamanga anthu, anatsitsa mawu n'kunena kuti ilipo ina, koma eni ake akuopa.

Anatitenga kudutsa m'makhwalala, kuseri kwa nyumba, komwe alendo salowa. Apa akasiya pafupi ndi bafa, apo nimu pambali pa khitchini, uko mango atatchingidwa ndi chitseko chakale cha galimoto. Mbande zonsezo amayi anazizula mumsewu ife titachoka, n'kukazibzala kwawo. Ha! Mitengo yonse yamoyo m'bairo yathu inali yakuba. Sekeretariyo anayamba kuopseza kuti alemba maina, koma Dona Selina anamuuza kuti akawalemba awalembe kuti alandire mbande zina.

Anali mayi wamaso. Tikubwerera anaima pa mzere wa tizipinda ta amuna okhala okha, anthu ngati ine ochokera kumtunda, n'kufunsa chifukwa chake pamenepo panali see, chikhalirecho nawonso amasamba ndi kutsuka. Ndinamuuza kuti aliyense wa amenewo amati chaka chamawa ndikupita kwathu, ndipo wakhala akunena zimenezo kuyambira komboyo isanaleke. Ndinamuuzanso kuti nyumbazo ndi za kampani, atha kukutulutsa tsiku lililonse, ndiye tonse pamenepo tinali akamwini a mina. Sanalidziwe liwu limenelo. Polifotokoza, ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka, ndinapezeka ndamuuza nkhani yanga yonse, ya khasu la a Simoni ndi ya uthenga wa msilikali. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye kuti vuto lalikulu si mbuzi," anatero pomaliza. "Mtengo ukugwira pomwe pali munthu wotayapo madzi tsiku ndi tsiku, wodziwa kuti palibe adzamuchotsa pamenepo."

Anakanena zoona kwa akuluakulu ake, kuti mitengo ya m'misewu inafa. Ufa unachepa, ndipo kwa kanthawi anthu ena sankandipatsa moni, ankati ndine ndinaulula. Koma mvula yotsatira mbande zinaperekedwa m'manja mwa amayi, ndi mawu akuti mtengo ndi zipatso zake ndi za mwini khomo. Musaganize kuti bairo inasanduka nkhalango. Misewu inakhalabe yowala, fumbi linali lomwe lija, ndipo pa mzere wa amuna okhala okha sipanamere kanthu mpaka ine kuchoka. Koma kuseri kwa nyumba zambiri kunapezeka poti munthu n'kukhala masana osapsa, ndipo ana ena anadya mango osagula.

Nkhondo itatha, anthu othawira ku Zambia aja anayamba kubwerera. Dalaivala wina wa kamiyau anandiuza kuti a kwa Banda afika ku Malowera, ndipo mlongo wawo wa a Simoni ali moyo. Ndinakhala masiku ndikuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, osadziwa kuti ndiwayambe bwanji Mayi Felisimina. Anandiyamba ndi iwo. Anatulutsa lata, chitini cha mkaka, momwe anali atameretsa njere ya mango a pakhomo pathu paja, kambande kali ndi masamba ofiira, n'kuiika pamapazi panga.

"Tengani, a Phiri. Akakakukanizani kubzala, mudzabwere nako, malo alipo. Mukakabzala, musadzabwerenso."

Sanalire ine ndikuona. Ine ndiye ndinalira.

Ulendo wonse lata ija inali pamiyendo panga. Anthu m'kamiyau ankandiseka kuti anzanga akubwerera ndi mawailesi ndi mabulangete, ine ndikupititsa mtengo kutchire. Ndinkangomwetulira, n'kumagawana nako madzi anga akumwa. Pomwe kamiyau inatitsitsa tinayenda wapansi, kuponda m'mapazi mwa amene adutsa kale, chifukwa m'mbali mwa njira munali mabomba okwiriridwa. Inali nthawi yoti mvula yatsala pang'ono, mango oyamba akupsa.

Mudzi kunalibe. Nyumba zinali milu ya dothi, m'kati mwa zina mutamera tchire, udzu wopitirira munthu. Malata anga aja, omwe ndinawapumira fumbi zaka zonse zija, panalibe ndi msomali womwe. Anthu ankakhala m'misasa ya udzu, ndipo ine amene ndinakhalapo pamudzi umenewo sindinathe kuloza pomwe panali nyumba yanga. Ndinakumana ndi mayi wina wosamudziwa, amene anakwatiwa ndi mnyamata wa pamudzipo ali ku Zambia, ndipo ndinamufunsa kuti a kwa Banda ali pati.

"Tsatirani kanjira aka, mukawapeza pa mango a Aphiri."

Ndinafunsa kuti Aphiri ake ati. Anati sakuwadziwa, amangomva kuti anali mkamwini wina amene anapita ku migodi osabwerako, koma mtengowo aliyense amautchula choncho kuyambira kale. Anapitirira ndi mtolo wake. Ine ndinatsala chiimire m'kanjiramo, lata ili m'manja.

Mtengowo unali utakula moti anthu awiri sangaukumbatire bwino, mbali imodzi yowauka ndi moto, inayo yolemera ndi zipatso. Pansi pake panali misasa. Mayi wina wachitsikana wobereka mwana anagwada n'kundilonjera monga mlendo, n'kufunsa kuti ndikufuna ndani. Anali Rozina. Ndisanayankhe, Anabanda anatulukira kuchokera kumadzi, ataonda, imvi zili mbuu. Anatula mtsuko pang'onopang'ono, osataya ndi dontho lomwe, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Mwabwera."

A Simoni anali atakalamba, diso limodzi litachita khungu, koma kumwetulira kunali komwe kuja. Titalonjerana n'kutchula onse amene anatsala ku Zambia ndi panjira, anandiuza okha mmene anapezera malowo. Atabwerera anapeza banja lina litayamba kale kusosa pamenepo, likuti ndi pa makolo awo. Panalibe nyumba, panalibe nkhokwe, panalibe choti n'kuloza. Koma anthu onse akale a pamudzi anati awa ndi mango a Aphiri, Aphiriwo anali mkamwini wa kwa Banda, ndiye pano ndi pa a Banda. Nkhani inathera pomwepo. A Simoni anafotokoza zonsezi ngati akunena za mvula, osapepesa, ndipo diso lawo labwino lija linali pa lata yanga.

Rozina anabweretsa mango m'kambale. Anabanda anandiyang'ana kuti aone ngati m'mimba mukundipwetekabe. Ndinatenga, ndinadya. Anali okoma moti ndinadzikwiyira ndekha.

Dzuwa litapendeka tinakhala awiri kuseri kwa msasa. Ndinawauza za Mayi Felisimina, zimene kunalibe nthawi ya Mateyu, ndi zimene zinadzakhalapo pambuyo pake. Iwonso anandiuza kuti ku Zambia anakhala ndi mwamuna wina, munthu wofatsa wa ku Chipera, amene anamwalira komweko. Palibe anafunsa mnzake zambiri. Anati uthenga wa Mateyu unawadwalitsa, osati chifukwa cha mayi wa beseni uja, koma chifukwa chakuti ndinakabzala kwina. Ndiye ndinafunsa chimene chinandidya zaka zonsezo, kuti tsiku lija alamu akuzula kamtengo kanga, bwanji anangokhala chete.

"Achimwene sindikanatha kuwagwira dzanja, a Phiri," anatero. "Koma mukuganiza kuti dzina la mtengowo anaupatsa ndani? Ndinkatuma ana tsiku ndi tsiku kuti kaseweleni pa mango a Aphiri, mpaka mudzi wonse unazolowera. Inu nokha ndi amene simunamve, poti podutsa pamenepo munkayang'ana kumbali."

Ndinkaganiza kuti ndinachoka pamudzi pomwe panalibe changa, pomwe dzina langa linali pakamwa pa ana onse.

Koma lata inali ikadali pakhomo pa msasa, ndipo mwambo unali womwe uja. Mmawa mwake ndinaona a Simoni akubwera ndi khasu paphewa, kayendedwe kake komwe kaja. Ndinayamba kale kuganiza za kamiyau yobwerera ku Moatize. Anafika, anafunsa mmene ndadzukira, anafunsa za msana, kenako anatsitsa khasu n'kundipatsa chakumpini.

"Alamu, kamtengoko kauma m'lata. Koma musakumbe paliponse, pansi pano nkhondo inasiya zambiri. Funsani mwini malo."

Anabanda ananyamuka n'kuzungulira kuseri kwa msasa, ine pambuyo ndi khasu ndi lata. Anaima pomwe dothi linali lakuda, lonyowa, pali timinga ta nsomba ndi makoko a maungu. Analoza ndi phazi.

"Apa. Apa ndi pomwe ndimataya madzi."

Ndinakumba, a Simoni ali pa chitsa akundiuza kuti dzenjelo ndi losaya, ngati kuti ine sindinakumbe maenje a tauni yonse. Ndinawasiya anene. Patapita masabata ndinapeza munthu wopita ku Tete, ndipo ndinamupempha kuti akafike ku bairo ija, pa nyumba ya mango pakati pa zitseko ziwiri, akangonena kuti a Phiri abzala. Yankho silinabwere, ndipo sindinaliyembekezere.

Mtengo umenewo lero waphimba nyumba yathu ya njerwa, ndipo mizu yake inafika kale kumadzi a pansi, sufunanso thandizo la munthu. Ndawauza kangapo Anabanda zimenezo. M'mawa uliwonse ndimamvabe beseni likukhuthulidwa pomwepo.